Sipika Yoloza kwa a Simioni

Joana atangotsegula pakamwa kuti alire, dzanja la mayi ake linali litafika kale. Linamugwira pakamwa zolimba, dzanja lokhakhala, lonunkha utsi, ndipo kulira kuja kunabwerera m'mimba.

"Usayerekeze," ananong'ona a Celestina. "Wandimva? Usayerekeze."

Pamphasa panali bambo ake a Joana, a Simioni. Chifuwa chimene chinawasautsa chiyambire nyengo yozizira chinali chitawatenga dzuwa likungotuluka, m'mawa wa tsiku lomaliza la chaka cha 1989. Kunja, cha ku bwalo la mpira, wina ankayesa ng'oma, ndipo ana ankathamangira komweko akukuwa mosangalala.

Banja limeneli linachokera ku Mozambique, kuthawa nkhondo. Anzawo ambiri anakakhala ku kampu ya anthu othawa, koma iwo anatsika mapiri mpaka kufika ku Malindi. Kumeneko msodzi wina, a Howard, anaona kuti a Simioni amadziwa kusoka maukonde, ndipo anawapatsa malo kumapeto kwa munda wawo wa chinangwa. Paulendo wothawawo ananyamuka anthu anayi koma anafika atatu. Wadi, mlongo wake wamng'ono wa Joana, anamwalira ndi malungo m'tchire, asilikali ali pafupi. Masiku amenewo kulira maliro kunali kudziitanira zipolopolo. Anakumba ndi chikwanje, kumuika mwana, kukwirira, n'kupitirira ulendo, popanda nyimbo kapena pemphero lomveka. Tsiku limenelo ndi limene dzanja lija linayamba kumutseka pakamwa Joana.

"Mama, kuno kulibe nkhondo," anatero Joana dzanja litachoka. "Tiyeni tikawauze a Howard."

"Tikawauze chiyani? Kuti azimitse magitala a mwana wawo?" A Celestina anafunditsa amuna awo nsalu mpaka kumutu. "Iwe ukudziwa mwambo wa kuno. Maliro akamveka palibe choimbira chimene chimalira, ngakhale wailesi. Rabson wabwera ndi bandi yake kuchokera ku Monkey Bay, koyamba kudzaimba kwawo. Asodzi asonkha mafuta a jenereta. Mwezi wonse uno anthu nkhani ndi yomweyi. Ndiye ife obwera, odya za eni, tiwalande tsiku lawo? Mawa lake adzatilozera njira ya ku kampu, ndipo sadzakhala atalakwa."

"Nanga abambo?"

"Anthu onse akakalowa m'bwalo, ine ndi iwe tikakumba kuseri kwa chinangwa uko. Phokoso la magitala libisa khasu. Akadzafunsa, tidzati abwerera kwathu kukaona ngati kwachita bata."

Joana anayang'ana mapazi a bambo ake amene anatulukira kunsi kwa nsalu. Anakumbukira tsiku lina m'mudzimo mutachitika maliro a nkhalamba ina. Anthu anadzaza njira yonse ya kumanda, kwaya patsogolo. A Simioni anaima pambali chipewa chili m'manja, n'kumugwira Joana paphewa. "Taona, mwananga," anatero. "Munthu amapita chonchi." Lero eni mawuwo ankati aikidwe mobisa m'munda wa chinangwa, ngati chinthu chakuba. Mtima wa Joana unawawa koopsa, koma kutsutsana ndi mayi ake sanayambe wachitapo.

Dzuwa litafika pamutu, kunamveka "Odi!" wansangala. Anali Rachael, mwana wa a Howard, mnzake wa Joana wa m'kalasi. Anabwera atadzola mafuta mpaka chipumi chikuwala, atanyamula diresi lobiriwira loti amubwereke mnzakeyo. A Celestina anathamangira kukaima pakhomo.

"A Simioni adzuka bwanji?" anafunsa Rachael atagwada.

"Agona. Asiyeni apume."

Kenaka a Celestina anamukokera Joana pambali. "Pita, anthu akakuone, asatikayikire. Zikakafika pokoma, uzembe ubwere kuno."

Chionetsero chinayamba masana, chifukwa madzulo asodzi a usipa amalowa panyanja, ndipo Rabson ankadziwa kuti popanda asodzi akanaimbira mbuzi. Abale inu, anthu anabwera tsiku limenelo! Ena anachokera ku Chowe pa njinga, ena m'mabwato. Ana anadzaza m'mitengo ya mango. Akuluakulu ena ovala tizisoti toyera anaima chapatali, akunena kuti akungodutsa, koma kudutsako sikunkatha. Siteji anaimanga ndi migolo, pamwamba n'kuyalapo matabwa a mlombwa amene a Howard anasungira boti lawo latsopano. Matabwa amenewo a Howard sankalola ngakhale nkhuku kukwerapo. Kuwapereka kunali kuvomera kuti mwana wawo, amene kale ankamunena kuti gitala ndi ulesi, wasanduka munthu.

Bandiyo inkatchedwa Ziphaliwali, ndipo inkaimba nyimbo za roko, zija za magitala amagetsi olira ngati akupsa mtima. Masipika, jenereta ndi zina zonse anabwereka kwa mwini hotela ina, ndipo zinayenera kubwerera pa boti mawa lake masana. Rabson anatulukira atavala jekete lachikopa, kutentha kwa Disembala konseko, thukuta lili kamukamu, koma kuvula ayi ndithu. Atangokanda gitala, makanda analira, agalu anathawa, achinyamata anakuwa. Agogo ena anatseka makutu ndi zala, koma mapazi awo ankagunda pansi motsatira ng'oma.

"Anthu a kwathu ku Malindi, mulipo?"

"Tilipooo!"

"Chaka chino chatipatsa nsomba, chatipatsa mvula, chatipatsanso zidzukulu. Tichiperekeze kapena tisachiperekeze?"

"Tichiperekezeee!"

Fumbi linakwera. Rachael ankavina ngati wopanda mafupa, akumukoka Joana dzanja. Joana anangoima, maso ali kumunda wa chinangwa. Ng'oma iliyonse inkamveka m'mutu mwake ngati khasu likugunda nthaka. Nyimbo ziwiri zitatha anayamba kubwerera chammbuyo kuti azembe, monga anamuuzira mayi ake.

Pomwepo Rabson anakweza dzanja, anzake n'kuleka kuimba.

"Ena mwa inu mukudabwa," anatero, "kuti bwanji sipika iyi yakufulatirani. Sikuti taledzera ayi. Iyiyi yaloza kwa a Simioni. Pa Khirisimasi ndinakawazonda. Anandiuza kuti, 'Mwanawe, miyendo yakana, koma makutu alipo.' Ndiye ndinawalonjeza kuti sipika imodzi idzakhala yawo." Anatembenukira kumundako, n'kufuula. "A Simioni! Mukumva kumeneko? Muchire, chaka chamawa tidzavine limodzi!"

Anthu anaomba m'manja, amayi n'kululutira. Ena anafuula okha, "A Simioni, muchire!"

Joana analeka kubwerera chammbuyo. Anakhala pansi m'fumbi ndi diresi la eni lija, n'kudzigwira pakamwa ndi manja onse awiri. Rachael anawerama.

"Iwe, chavuta n'chiyani? Akuponda?"

Joana anapukusa mutu. Anayesa kumeza mawu, koma mawuwo anatulukira m'mipata ya zala.

"Sakumva, Rachael. Abambo atisiya m'mawa. Mama akuti tikawaike tokha m'chinangwa."

Rachael anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenaka anathamanga, akukankha anthu, mpaka pamene mayi ake, a Jestina, ankagulitsa mandasi. A Jestina anasiya beseni pomwepo osavundikira. Mayi wamkulu thupi ngati ameneyo anakwera siteji nyimbo ili mkati, n'kumugwira mwana wawo jekete.

Joana ankaona zonse ali pansi. Anaona Rabson akupendeketsa khutu, kumwetulira kwake n'kuzimirira. Anaona woimba ng'oma, mnyamata wotchedwa Hamisi, akuimirira n'kuyandikira. Chifukwa maikolofoni inali pafupi, mawu awo anamvekako pang'ono.

"Achimwene, eni ake sanalengeze," anatero Hamisi. "Tingomalizako chabe. Zipangizozi mawa zikupita, sitidzazipezanso."

Rabson anatembenuka. Anayang'ana khamu lija, khamu limene ankalilota chiyambire pamene ankaimba gitala ya chigubu cha mafuta. Anayang'ana bambo ake atakhala kutsogolo pampando, atavala malaya a kutchalitchi. Kenaka anayang'ana sipika yofulatira ija. Anavula gitala, kuigoneka pamatabwa, n'kukodola mnyamata wa jenereta kuti asaizimitse kaye.

"Abale anga," anatero, "ndimafuulira munthu amene sangandiyankhe. A Simioni atisiya. Zoimba zathera pano."

Jenereta inazima. Bwalo lonse linangoti zii, mpaka mafunde anayamba kumveka. Kumbuyo munthu wina amene anali atalawako anadandaula kuti, "Aaa, zayamba kukoma kumene!" koma anzake anamukhazika chete.

Joana anadzambatuka n'kuthamangira kwawo. Anapeza mayi ake ataima pakhomo, khasu lili m'manja, akumvetsera bata lija.

"Bwanji asiya?"

"Ndaulula, Mama. Ndikhululukireni, ndalephera."

A Celestina sanamumenye, sanakalipe. Khasu linangogwa. Analowa m'nyumba, kuyala chitenje pansi, n'kuyamba kuikamo mbale, mpoto ndi kathumba ka nandolo. Manja awo ankaidziwa bwino ntchito imeneyo.

"Watipha, mwana iwe," anatero motsitsa. "Tamvera, akubwera."

Zoonadi, kunkamveka mapazi a anthu ambiri. Joana anasuzumira pakhomo mtima uli m'mwamba. Choyamba anaona anyamata awiri akuthyola nthambi n'kuziyala pamsewu, chizindikiro choti pano pagwa maliro. Kenaka anaona amayi ali pamzere m'kanjira ka m'munda, wina mtolo wa nkhuni pamutu, wina ndowa ya madzi, wina lichero la ufa. Ambiri anali akadali m'zovala zawo zokavinira. Patsogolo panali a Jestina, manja ali kumutu, akulira mokweza.

"Mayo, a Simioni! Mwapita osatsanzika, a Simioni!"

A Celestina anatuluka n'kugwada m'fumbi pamaso pa a Howard. "Bambo, tikhululukireni. Takuonongerani chisangalalo. Mwanayu ndi amene walakwitsa. Tichoka ndithu, mungotilola tiike kaye malemuwa."

A Howard anali munthu wa mawu ochepa, koma tsiku limenelo anakwiya kwambiri.

"Amake Joana, mwatilakwira zedi. Osati za magitalazo ayi. Munthu amene ndakhala naye pamchenga, kusoka naye ukonde umodzi, kudya naye mbale imodzi, inu mumati mumukwirire m'chinangwa changa, ine ndizikavina? Mumatiyesa chiyani ife? Ndani anakuuzani kuti mlendo amafa yekha kuno?"

"Kwathu tinazolowera choncho, bambo. Nkhondo..."

"Nkhondo munaisiya kuseri kwa mapiri uko. Dzukani."

A Jestina anawadzutsa, kuwalowetsa m'nyumba, n'kukhala nawo pafupi ndi mphasa ija. Anaona katundu womangamanga uja, ndipo anamumasula n'kubwezera mpoto pamafuwa. Amayi anadzaza m'nyumba, ena pakhonde, kulira kuli ponseponse. Koma mwini maliro anangokhala, maso ali gwa. Ankatsegula pakamwa, mawu osatuluka.

"Lirani, anzanga," anatero a Jestina akuwasisita pamsana. "Kuno palibe amene angakumveni n'kukuomberani. Lirani, tikuthandizani."

Poyamba kunatuluka kamawu kakang'ono, kosasa. Kenaka kulira kunaphulika, kulira kumene Joana anali asanakumvepo m'kamwa mwa mayi ake. Analira amuna awo. Atatero anayamba kuitana dzina lina.

"Wadi! Wadi mwananga! Ndinakusiya m'tchire ngati sindinakubale! Wadi iwe!"

Amayi a m'mudzimo sankamudziwa Wadi. Anayang'ana Joana, ndipo iye anawauza mwachidule. Basi, analandira dzinalo n'kuyamba kulira maliro awiri.

Kunja amuna ankakambirana za bokosi. Kalipentala anati matabwa ouma sangapezeke pa tsiku ngati limenelo, masitolo onse atatseka. A Howard anangoloza ku bwalo la mpira. "Kagwetseni siteji ija."

"Matabwa a boti aja, bambo?" anafunsa Rabson.

"Boti lidikira. Uyu sangadikire."

Choncho chaka chinatha popanda gitala ku Malindi. Jenereta ija anaisamutsira pamaliro kuti iunikire kwaya ya mpingo, ndipo asodzi sanalowe panyanja. M'mawa wa Chaka Chatsopano anyamata a Ziphaliwali anapita ndi adzukulu kumanda kukakumba nawo. Ngakhale Hamisi anagwira fosholo, ndipo anthu amati ndiye anakumba kuposa onse. Rabson anavula jekete lija pomaliza. Khasu anali atalisiya kalekale, moti manja ake anatuluka matuza n'kuphulika.

Poperekeza, Joana anacheuka ali pafupi ndi manda. Anthu anadzaza njira yonse kuchokera kumunda wa chinangwa. Onse amene anabwerera nyimbo aja analipo: a ku Chowe ndi njinga zawo, a m'mabwato, akuluakulu a tizisoti toyera, ngakhale mkulu wodandaula uja, amene tsopano anali atanyamula nawo bokosi. Joana anakumbukira mawu a bambo ake aja, ndipo m'chisoni chonsecho anamva mtima wake ukuthokoza.

Atabwerako kumanda, anthu atasamba m'manja n'kudya, anyamata a bandi anayamba kutuutira zipangizo kunyanja, kumene boti linkadikira. A Celestina anaimirira pakati pa amayi.

"Mukupita kuti? Namfedwa sayendayenda," anatero a Jestina.

"Ndiperekezeni, ndili ndi mawu ndi mwana wanu."

Anapeza Rabson atanyamula sipika paphewa, madzi ali m'mawondo. A Celestina anaima pamchenga, Joana ali pambali pawo, atanyamula kathumba ka nandolo kaja.

"Mwananga, ine ndilibe chokupatsa choyenera zimene wachita. Landira tinandolo iti, mukadye ndi anzako. Koma ndili ndi pempho. Malemu aja ankawerenga masiku kudikira nyimbo zako. Anthu awanso unawasiyira panjira chifukwa cha ife. Tsitsa katunduyo, utiimbire."

Rabson anayang'ana bambo ake. A Howard anakanda m'mutu, n'kuyang'ana akuluakulu a mpingo. Zoimba magitala tsiku loika maliro zinali zisanachitikepo. Mkulu wina anatsokomola n'kunena kuti, "Mwambo umatiletsa kuti tisapweteke mtima wa namfedwa. Nanga namfedwa akapempha yekha, tikana m'dzina la ndani?"

Mwini boti anadandaula za mphepo ya masana, koma anazimitsa injini. Siteji panalibenso, choncho Ziphaliwali zinaima pamchenga, ng'oma zikutitimira. Mbiri inathamanga m'mudzi, ndipo anthu anatsikira kunyanja, osati mokuwa ngati dzulo, koma mwakachetechete. Rabson akulumikiza mawaya, Joana anamuyandikira mwamanyazi.

"Achimwene, sipika ya abambo ija..."

"Ndiilozetse kumanda?"

"Ayi. Abambo aperekezedwa kale. Ilozetseni uko." Analoza mapiri a kum'mawa, kumene anadzera pothawa. "Kuli Wadi."

Rabson anaitembenuza yekha. Anayamba nyimbo yodekha, yothokoza chaka chimene chapita ndi anthu amene chawasiya. Zala za matuza zija zinkaphonya nsambo, gitala n'kumalira mokhota, koma palibe anaseka. Pofika pakolasi, asodzi analandira ndi mawu awo okhuthala, amayi n'kulowa pamwamba, ana n'kuomba m'manja. Nyimbo inakula, ng'oma za Hamisi zinadzuka, mpaka mapiri aja anayamba kubweza mawu.

Joana sankawadziwa bwino mawu a nyimboyo. Anangotsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali kuimba kosakanikirana ndi kulira, mokweza, pamaso pa mudzi wonse. Pomwepo anaona dzanja la mayi ake likubwera kumaso kwake. Anadzidzimuka n'kutseka pakamwa msanga, monga mwa chizolowezi.

Dzanja lija linamupukuta misozi, tsaya ili ndi ili.

"Wasiyiranji?" anatero a Celestina. "Kweza, mwananga. Kweza, mlongo wako amve."